Fotewani ndi Njinga ya a Malume

Usiku wathawu Ndaziona Namakhwa analota maloto oti ukawamva umayamba wafunsa kaye chimene anadya asanagone. Watisimbira lero pa tiyi, tiyi mpaka kuzizira m'makapu. Koma maloto sabwera okha, anzanga, amakhala ndi chowaputa. Ndiye tiyambe ndi zadzulo masana.

Ndaziona amagwira ntchito mu labu ya pakoleji ina mu Blantyre muno. Chaka chino n'chachiwiri akulimbana ndi kanthu kamodzi kotchedwa membuleni. Mutakaona mungaseke: kapepala ka pulasitiki wapadera, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Kamaikidwa pakati pa kabokosi kopanga magetsi. Mbali ino mumalowetsa mpweya wa hayidirojeni, mbali inayo mpweya wathu womwewu. Hayidirojeniyo akafika pa kapepalako amagawika pawiri. Chidutswa china chimaloledwa kudutsa, china chimakanizidwa n'kuzungulira pawaya, ndipo kuzungulirako ndiwo magetsi. Zikakumananso kutsidya zimasanduka madzi, basi. Utsi ayi, phokoso ayi. Koma kapepalako kakangokhala ndi kabowo, ngakhale kosaoneka ndi maso, zonse zimadutsa chigulu ndipo babu siliyaka.

Popanga, amathira madzi a polima, pulasitiki wosungunula, pagalasi, n'kuwasalaza bwinobwino, n'kuwasiya masiku awiri kuti aume pang'onopang'ono. Mdani wake ndi fumbi. Kanjere kamodzi kakagwerapo asanaume, bowo ndi limenelo. Tsono Ndaziona ndi mwana woleredwa bwino, tsoka lake ndi limenelo. Munthu akangoti “Odi!” pakhomo, pakamwa pake pamayankha pokha kuti “Lowani!” Mamembuleni makumi anayi anapita choncho. Wa nambala 41, amene tonse timangomutcha Fotewani, anamuthira dzulo m'mawa, n'kudzitsekera naye m'chipinda, n'kumata tepi m'mbali mwa chitseko, n'kulumbira kuti kaya abwere ndani, satsegula.

Amene anabwera ndi malume ake, a Dafuleni, ochokera ku Phalombe. Amenewa ndiwo anamulera mayi ake atamwalira. Ndiwo ankamukweza panjinga kupita naye ku sekondale, sutikesi ili pamiyendo. Anafika dzuwa lili paliwombo, Okutobala unoyu, fumbi mpaka m'nsidze, atanyamula kalongonda m'kapoto. Anati odi katatu. Ndaziona anasuzumira pawindo, kansalu kumphuno, magolovesi m'manja, n'kungowalozera kumtengo wa jakaranda kuti adikire kumeneko. Anadikira maola atatu. Moni ayi, madzi akumwa ayi. Madzulo kunyumba ku Chilobwe anadya ali duu, funso lililonse kuyankha ndi mutu. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo ndi awa okha: “Minibasi yoyamba ndikwera.” Ndaziona anagona mtima uli m'mwamba, chifukwa a Dafuleni akachoka pakhomo atakwiya, chaka chimatha osapondaponso.

Ndiye akuti anangopezeka ali mu labu, dzuwa likuwala bwinobwino, koma pansi ponse pali mchenga wa kumtsinje, uvuni woumitsira magalasi ukung'ung'udza nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ndiye Fotewani anadzimatula yekha pagalasi, n'kudziwongola, n'kuyasamula.

“Mwadzuka bwanji, mayi?”

“Ndadzuka, kaya iwe?” Ndaziona akuti sanadabwe n'komwe.

“Ndadzuka, koma ludzu. Ine ndikauma ndimang'aluka, inu mukudziwa. Ndiikeni m'madzi tizipita.”

“Tizipita kuti?”

“Kukayesedwa. Mwaiwala? Mayeso anga ndi lero. Mundigulirenso pensulo panjira.”

Ndiye anamuika m'botolo la jamu, n'kuthiramo madzi oyeretsedwa a mu labu, n'kupinda magolovesi kukhala nkhata, n'kusenza. Potsegula chitseko, kunja sikunali khonde la koleji ayi. Kunali kuseri kwa nyumba ya munthu, chingwe choyanikira zovala chitamangidwa kuchokera pa mtengo wa papaya mpaka kosaoneka. Pachingwepo panali mamembuleni makumi anayi aja, atapanidwa ndi mapegi, aliyense ndi bowo lake, mphepo ikuimba likhweru m'mabowomo.

“Akulu ako awa,” anatero Ndaziona kuuza botolo. “Apatse moni.”

Fotewani ananjuta m'madzimo. Akuluwo anayamba kudzitchula mmodzimmodzi, ngati anthu a pamzere wa kuchipatala akuuzana matenda.

“Ine bowo langa ndi la abusa,” anatero Nambala 7. “Analowa kudzapempherera ntchito. Pemphero linali lamphamvu, koma jekete linali la fumbi.”

“Ine langa ndi la mayi wa mandasi.”

“Ine la abwana, tsiku lomwe anabwera kudzatchaja foni.”

“Ine ndili nawo atatu,” anatero wina monyada. “Tsiku langa kunabwera kwaya yonse kudzabwereka mipando.”

Ndaziona anagwidwa ndi manyazi mpaka botolo linatentha pamutu. “Pepani, ana anga. Nanga munthu akati odi ndimuyankhe chiyani? Paja mlendo ndi mame.”

“Mame eya,” anayankha Nambala 7, “koma athu aja anali mame a fumbi.”

Onse anaseka, mabowo kuchita kulira ngati zitoliro. Sanali okwiya ayi, anali osangalala ngati anthu opuma pantchito. Nambala 1, nkhalamba yachikasu yong'aluka m'mbali, anatsokomola n'kunena kuti, “Ife zathu zinatha, mayi. Musamale mng'ono wathuyu. Komanso mvula ikabwera mutianule.”

Mwadzidzidzi chingwe chija chinagwa pansi n'kusanduka msewu, ndipo minibasi inaima pamapazi ake penipeni. Kondakitala anali mita yoyezera magetsi ya mu labu, miyendo yake mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, italendewera pachitseko.

“Phalombe! Phalombe! Malo alipo ziro poyinti seveni!”

“Ziro poyinti seveni ndi malo a munthu amenewo?” anafunsa Ndaziona.

“Mayi, kabokosi kanu kaja kamodzi kamatulutsa magetsi omwewo. Mukafuna zambiri mupanikizane anayianayi. Sunthani kumbuyoko, akulu, tikhale ngati pachibale!”

Ndiye analowa, n'kukhala theka pampando theka pamwendo wa mnzake. Okwera anzake anali mabotolo a asidi, atamanga zitenje ndi mipango, ndipo mukudziwa asidi salankhula zozuna. Minibasi isanafike ndi ku Limbe komwe, miseche inali itayamba.

“Ndi ameneyu,” linanong'ona botolo lina, monong'ona moti dalaivala amve. “Anasiya malume ake padzuwa.”

“Aaa, musatero! Omwe anamulera aja?”

“Omwewo. Ndi kalongonda wawo m'manja. Inu, kalongonda amaphikidwa tsiku lonse, madzi kutaya kangapo, munthu n'kumunyamula kuchokera ku Phalombe, iwe n'kumulozera mtengo!”

“Sukulu, mayi. Sukulu ikachuluka imatseka makutu.”

Ndaziona anafuna kuyankha, koma Fotewani anagogoda pagalasi la botolo. “Asiyeni, mayi. Ine ndiyenera kudzaviikidwa mwa iwowa usiku wonse, musandidanitse nawo.”

Ndiye anafika pa rodibuloko, migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Bwana wa yunifolomu anazungulira minibasi kawiri, manja kumbuyo, n'kuima pawindo la Ndaziona.

“Katundu wanji m'botolomo?”

“Si katundu, bwana. Ndi membuleni.”

“Wa kwa mfumu yani?”

Fotewani anadziyankhira yekha. “Mudzi wa Galasi, bwana, mfumu yaikulu Uvuni.”

“Amagwira ntchito yanji?”

“Amaima pakati,” anatero Ndaziona. “Ena amawalola kudutsa, ena amawakaniza.”

Bwanayo anatong'ola maso. “Asa! Imeneyo ndi ntchito yathu! Anamulemba ndani? Anapita ku tireningi iti?” Akulankhula choncho, ndevu zinayamba kutsika pachibwano, chipewa chinanyamuka chokha ndi nyanga ziwiri, ndipo pofika pa mawu oti tireningi anali atasanduka mbuzi yamphongo, lamba ali m'chiuno momwemo. Inalowetsa mutu pawindo n'kusolola buku limene Ndaziona amalembamo zoyesa zake zonse, n'kuyamba kudya tsamba ndi tsamba, ikuweruza.

“Malichi alibe mchere. Epulo ali bwinoko. Pthu! Juni akuwawa bwanji chonchi?”

“Juni ndi mwezi umene zonse zinakanika, bwana.”

“Zikumveka.” Inameza, n'kubwerera m'mbuyo, n'kumenya sailuti ndi chiboda kuloza ku botolo. “Mnzathu wa ntchito, pepani sitinakudziweni msanga. Dutsani. Koma malangizo aulere: wovuta pachipata si mlendo ayi, ndi wachibale.”

Ndiye minibasi inakhota n'kulowa m'nyumba ina yosanja, kukwera masitepe ndi giya wani, n'kuima m'chipinda cha msonkhano pakati pa tebulo ndi kabati. Kuseri kwa tebulo kunali komiti. Wapampando anali bambo wa tayi yofiira, pambali pake mlembi, mayi wodekha wa magalasi. Wapampandoyo anaimirira kuti alankhule mawu ochepa, ndipo mukudziwa mawu ochepa a wapampando. Liwu lililonse lalitali akalitchula ankafufuma pang'ono. Atati “ndondomeko” chifuwa chinatuluka. Atati “kukhazikitsidwa” tayi ija inatsika n'kulendewera pamphuno. Atati “mogwirizana ndi masomphenya” nthenga zinati bwaa kumbuyo, ndipo pampando panali nkhukundembo. Mlembi naye, poyang'ana bwino, anali nanzikambe. Ankalemba maminitsi ndi lilime, n'kumasintha mtundu kutengera amene walankhula komaliza.

“Mutulutseni woyesedwayo,” inalamula nkhukundembo.

Ndaziona anamutulutsa Fotewani ndi zala ziwiri, n'kumutambasula pawindo kuti dzuwa limuwombe. Komiti yonse inasendera pafupi. Diso limodzi la nanzikambe linayenda kuchokera pamwamba mpaka pansi, linalo likuyang'ana wotchi ya nkhomaliro. Anafufuza ngodya zonse zinayi. Anamutembenuza. Anamununkhiza.

“Bowo palibe,” anatero mlembi, ali wobiriwira.

Abale, chimwemwe chimene Ndaziona anamva! Akuti miyendo inayamba yokha kuponda sitepe pansi pa tebulo. Zaka ziwiri, ndipo lero bowo palibe. Koma nkhukundembo inagwetsa nthenga mokhumudwa.

“Ndiye mu lipoti tilemba chiyani? Komiti ino inakhazikitsidwa kuti izipeza mabowo.”

“Zoona, palibe cholemba,” anavomera mlembi, atasanduka wofiirira.

“Koma ndi nkhani yabwino, bwana,” anatero Ndaziona.

“Zoona, ndi nkhani yabwino,” anavomera mlembi, atabiriwiranso.

Nkhukundembo inayenda uku ndi uku ikukokera mapiko pansi, kenako inagogoda tebulo ndi mlomo. “Kukhala wopanda bowo m'botolo n'kosavuta. Akayesedwe pamsewu weniweni. Ndipo pachipata mukaime inu nomwe, mayi, chifukwa mbiri yanu ya lowani-lowani inatipeza kale. Msonkhano watha, mbale zibwere.”

Mwadzidzidzi denga linatseguka ngati chivindikiro cha poto, ndipo Ndaziona anapezeka ataima pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kwawo kwenikweni, kumene amadziwa mwala uliwonse. Fotewani anali atakula. Anali atatambasuka kuchokera kuphiri ili mpaka kuphiri ilo, akunyezimira, wonyowa, ukayang'ana n'kumaona minda ya nandolo kutsidya. Amayi a m'mudzi anali pamzere ndi makeni othirira dimba, akumuwaza madzi, iye akuwalangiza ngati mkwatibwi pa tsiku lomangidwa tsitsi.

“Musachulutse, amayi, ndingamire. Inu uko musachepetse, ndingang'aluke. Apo, apo, pamsana. Eyaa!”

Pamwamba panali waya, wochokera tsidya lino, kukwera phiri, kuzungulira ku Migowi, ku Chiringa, mpaka kukatsikira tsidya linalo. Pawayapo panalendewera mababu ambirimbiri, lililonse pamwamba pa nyumba ya munthu, onse ozima.

Ndiye kunatulukira fumbi kumsewu, ndipo m'fumbimo munali a hayidirojeni. Anali anthu ngati ife tomwe, aliyense panjinga yake, akupalasa awiriawiri, akuseka, mabelu ngiringiri. Atafika pachipata anaima n'kunena onse pamodzi, “Odi!”

Ndaziona anakweza dzanja. “Munthu adutse apa. Njinga izungulire pawaya.”

Anadikira kuti wina atukwane. Palibe. Woyamba anatsika, n'kusisita chishalo, n'kulowa mwa Fotewani ngati mmene munthu amalowera m'madzi osamba m'mawa, phewa limodzi kaye. Njinga yake inadzikwerera yokha pawaya, mapedulo akuzungulira opanda mwendo, ndipo pamene inadutsa babu loyamba, linati ngwee! Yachiwiri inatsatira, yachitatu, kenako mzere wonse. Mababu anayaka masana dzuwa likuswa mtengo, koma akuti ankawala kuposa dzuwalo. Chigayo cha ku Migowi chinadzilizira chokha. Furiji ya pagolosale ina inadzidzimuka n'kufunsa kuti chaka chino n'chiti. Makina ometera anathawa m'manja mwa mwini wake n'kuyamba kuthamangitsa mbuzi ya pa rodibuloko ija, imene inabwera kudzaonerera, n'kuimeta ndevu ikukuwa kuti ikamang'ala kulikulu.

Kutsidya kunali mayi wina wamkulu thupi, atakhala pampando wa ndalema, chidebe pakati pa miyendo. Amenewo anali mayi Okosijeni, mpweya wathu wopuma uja. Akalandira anthu awiri ndi njinga zawo ziwiri, ankawomba m'manja kamodzi, phaa, ndipo madzi ankagwera m'chidebe, oyera mbee. Ana ankatunga, nkhuku zinkamwa, amayi a makeni ankadzaziramo. Ndaziona akuti moyo wake wonse sanakondwepo choncho. Anali ataima pachipata, dzanja limodzi m'chiuno, linalo likuloza, “Inu apa, njinga uko! Inu apa, njinga uko!” ngati anabadwira ntchito imeneyo. Ife pa tiyi tinamufunsa kuti Ndaziona wake uti, yemweyu amene amapepesa mpando akaugunda? Akuti yemweyo.

Ndiye mabelu analeka kulira. Anthu anapatuka mbali ziwiri, ndipo pakati panatulukira njinga yakuda, yakalekale, keriya yake itakulungidwa chiguduli kuti wokwera kumbuyo asamve kuwawa. Ndaziona anachizindikira chigudulicho asanaone n'komwe nkhope ya wopalasa. A Dafuleni anaima pachipata osatsika, phazi limodzi pansi, fumbi mpaka m'nsidze, kapoto kali pahandulo.

“Odi.”

Inu, pakamwa pa Ndaziona panatseguka pokha. Liwu lija loti lowani linadumpha kuchokera kukhosi lisanapemphe chilolezo, n'kugwera pansi lili chule, n'kuyamba kudumphira kwa a malume. Ndaziona anadziponya n'kuligwira mwendo lili m'malere. Linapalapata, likulira “lo, lo, lo,” koma analiponya m'botolo la jamu n'kutseka chivindikiro. Nkhukundembo ndi nanzikambe anali pamwala chapafupi, akulemba.

“Odi,” anabwereza a Dafuleni, ndipo ulendo uno liwu linali lotsika.

Fotewani ananjenjemera kuchokera ku Mulanje mpaka ku Michesi. “Mayi,” ananong'ona, “njinga imeneyo ikandilowa ndang'ambika. Koma ine ndi mwana, sindingawauze akuluakulu.”

Ndiye Ndaziona anachita zimene sanachite dzulo. Anachotsa kansalu kumphuno. Anavula magolovesi. Anatuluka pachipata n'kupita mbali yawo, n'kugwada m'fumbi momwemo.

“Mwayenda bwanji, malume?”

A Dafuleni anayankha mwachidule. “Tayenda.”

“Kumudzi mwasiyako bwanji? Azakhali ali bwanji? Bondo lanu lija likuvutabe?”

“Mvula ikamafuna kugwa limavuta.”

“Nandolo wachita bwanji chaka chino?”

“Wa kumunda wa kumtunda wachita. Wa kudambo mbuzi za a Nahache zinalowamo.” Mbuzi ya yunifolomu inayang'ana kumbali ngati siinamve.

Anawafunsa zonse, mpaka za galu ndi za denga la khitchini, ndipo phiri linadikira, mzere wa njinga unadikira, ngakhale dzuwa linakhala pansi pamwala n'kuvula nsapato. Atatha moni, Ndaziona anafika pankhani.

“Malume, ndi njingayi simudutsa.”

Chule m'botolo anagwira pakamwa.

“Njinga iyi,” anatero a Dafuleni pang'onopang'ono, “ndi imene inakufikitsa pamene wagwadapo.”

“Ndikudziwa, malume. Chiguduli icho munamanga chifukwa cha ine. Koma mukadutsa nayo, mwanayu ang'ambika, mababu onsewa azima, ndipo zaka ziwiri za ntchito yanga zipita pachabe.”

“Ndiye ukundibweza.”

“Sindikukubwezani. Inu njira yanu ndi iyi, njinga njira yake ndi iyo. Mukumana kutsidya. Ine ndikuperekezani.”

A Dafuleni anachotsa chipewa n'kukanda m'mutu. “Nanga dzulo unalekeranji kunena choncho? Unangondilozera mtengo ngati ndabwera kudzagulitsa makala. Ine kudikira sindikana, Ndazi. Ndinakudikira pageti pa sekondale kangati? Koma munthu amamuuza chimene akudikira.”

Misozi ya Ndaziona inatsika, ndipo akuti inali yeniyeni, chifukwa pilo anamupeza wonyowa. “Ndinalakwa, malume. Ndinaopa kuti ndikangoyamba kulankhula nanu nditsegula.”

Mwadzidzidzi belu la njinga linalira lokha, ndipo njingayo inalankhula ndi liwu la nkhalamba yosowa girisi.

“Bwana, ndiloleni ndiikepo mawu. Zaka makumi anayi mwandikwera. Matumba a nandolo ndanyamula, odwala ndanyamula, mwanayu ndi sutikesi yake ndanyamula. Sindinadandaulepo, kupatula tsiku lija la nkhumba. Lero lokha ndisiyeni ndiyende ndekha, ndione kuti dziko limaoneka bwanji wopanda munthu pamsana.”

“Iwenso uli mbali yake?”

“Ine ndilibe mbali, bwana, ndili ndi mateyala awiri basi.”

A Dafuleni anapukusa mutu, koma pakona pa mlomo panagwedezeka. Anatsika. Anamasula kapoto kawo. Anayenda kupita kwa Fotewani miyendo ili tang'a ngati njinga ikadali pakati, n'kuima, n'kumugwira ndi chala.

“Ndiwe wozizira bwanji, mwana iwe.”

“Ndi madzi, agogo. Lowani ndi phewa kaye.”

Analowa. Anatulukira kutsidya ali mbee, malaya ngati ochapa kumene, nsidze zakuda bii ngati za mnyamata. Fumbi lawo lonse linatsala tsidya lino litaima lokha, chipewa, mapewa, miyendo, a Dafuleni a fumbi okhaokha. Linayang'ana uku ndi uku, n'kunena mwaulemu kuti, “Ine ndidikira panja,” n'kukakhala pansi pa mtengo.

Njinga nayo inakwera pawaya, kwiii, kwiii, osathamanga. Babu lililonse imene inkadutsa linkayaka mofatsa, kuwala kwake kwachikasu, kwa m'nyumba momwe muli anthu. Itafika pamwamba pa sekondale ija inachepetsa liwiro mwachizolowezi, n'kuliza belu kawiri, kenako n'kupitirira.

Kutsidya mayi Okosijeni anawayang'ana a Dafuleni kuchokera kumutu mpaka kumapazi. “Mwabwera nokha, bambo? Ine ndimalandira awiriawiri. Mmodzi yekha madzi satuluka.”

A Dafuleni sanatembenuke, koma anakweza mawu kuti amveke tsidya lino. “Pali wina anati andiperekeza.”

Ndiye Ndaziona anaimirira, maondo ali mbuu. Makiyi a labu anatuluka okha m'thumba n'kuthamangira pawaya, ngwerengwere, kutsatira njinga. Iye analowa mwa Fotewani, mwana wa manja ake, ndipo akuti mkatimo munali phee, mozizira bwino, mopanda kabowo ngakhale kamodzi. Anatulukira pambali pa malume ake. Njinga inatsika, makiyi anatsika, mayi Okosijeni anawomba m'manja, phaa, ndipo madzi anagwera m'kapu yachitsulo imene inapezeka kale m'manja mwa Ndaziona. Anagwada n'kuipereka ndi manja awiri.

A Dafuleni analandira. Anayang'ana madziwo. Asanafikitse pakamwa, hutala inalira kumbuyo kwawo, ndipo minibasi ija inaima, mita ili lende pachitseko.

“Yoyamba! Yoyamba! Phalombe, mmodzi yekha tinyamuke!”

“Koma ku Phalombe ndi konkuno!” anakuwa Ndaziona.

“Iyi ikupita ku Phalombe kwa anthu okwiya, mayi, kumene sabwerako mpaka chaka chithe. Madala, mukwera?”

A Dafuleni anaponda phazi limodzi pasitepe ya minibasi. Linalo linali pansi. Kapu inali m'manja, yodzaza, osamwa, osabweza. Ndaziona anafuna kuwagwira malaya koma manja ake anali atalemera ngati matumba a simenti. Anafuna kukuwa, mawu osatuluka. Mapiri onse awiri anawerama kuti aone. Dalaivala anaponda mafuta. A malume anakweza kapu pang'ono, pang'ono, kufika pachibwano, ndipo mwadzidzidzi kapuyo inayamba kutsokomola. Kho! Kho-kho! Pfuu! Kho!

Anatsegula maso. Kunali kutayera, denga lake lomwe la ku Chilobwe, pilo wonyowa. Kutsokomolako kunali panja: mpopi wa pabwalo, umene unauma masiku atatu, unali kulavula mpweya madzi akubwerera. Kho-kho, pfuu, kenako waaa pasimenti. Ndaziona anafufuza foni pansi pa pilo. Kota pasiti sikisi. Minibasi yoyamba imanyamuka faifi. Anagona chagada osapuma, akumvetsera chipinda chinacho, ndipo munalibe phokoso lililonse.

Kenako panja panamveka chidebe chikukokedwa pasimenti, ndi munthu akudandaula bondo.

“Ndazi! Iwe Ndazi! Madzi abwera, ukugona chiyani? Tulutsa zidebe zonse, ine ndagwirizira payipi. Ubwerenso ndi kapu, ndili ndi ludzu la dzulo.”